Kalata Yosamukira ya Dyness

Mudzi wa Kanyerere, Nsaru
9 Malichi 2025

Mwana wanga Dyness, Naphiri,

Moni wa Ambuye akupeze kumene uliko ku Bangweko. Kuno tadzuka, ngakhale kudzuka kwa nkhalamba n'koyamba waŵerenga mafupa ngati alipo onse. Mai ako miyendo ija yayambanso, makamaka kukachita mitambo. Ine makutu ndiye apitiratu. Usavutikenso n'kundiimbira pa foni ya aphunzitsi. Ndimangomva ngati njuchi zili m'botolo, mapeto ake aphunzitsiwo amayamba kudziwa za m'nyumba mwanga mwini wakene ndisanamve. N'chifukwa chake kalatayi ndapatsira Mai Eliness a geni ya mtedza, amene amabwera kwanuko kawiri pa mwezi. Iwowa sadziwa kuwerenga, ndiye palibe positi ofesi yowaposa.

Fodya tikuthyola, chigafa chadzaza mbali imodzi. Dowe wayamba, ndipo mai ako akamaotcha sakulephera kukutchula.

Tsopano nkhani imene ndakulembera. Kwathu kuno kwabwera abusa atsopano, achinyamata, okonda mabuku. Akufuna kaundula wa mpingo aunikidwe kuyambira tsamba loyamba. Ine, monga mlembi wa mpingo uno kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndidati bwerani abusa mudzaone, mulibe ngakhale dontho la inki losochera. Koma titafika pa dzina lako ndidaŵerama nkhope. Pamene unkapita ku Blantyre mu 2016, ndidakulembera kalata yosamukira ndi dzanja langali, kuti ukaipereke kwa akulu a mpingo wa kumeneko akulandire monga Mkhristu wa mgonero. Pa dzina lako m'kaundula ndidalemba kuti "Adasamuka." Mwambo wake ukuudziwa: mpingo wolandira umabweza kachikalata kotsimikiza kuti nkhosa yafika m'khola. Ka aliyense kalipo, ngakhale ka Levison uja adaiwala njinga ya atate ake pa msika wa Msundwe n'kubwera wapansi. Kako kokha ndiko kulibe.

Ndikudziwa kuti alembi a m'tauni ndi aulesi. Pita ukawagwedeze pang'ono. Munthu wochotsedwa kuno koma wosalembedwa uko ali ngati mbuzi yogulitsidwa imene sidafike kwa woigula. Ikafera panjira, mwini wake ndani?

Utiuzeko za ntchito yako ya utelala. Pa Khirisimasi sudabwere, ndipo nkhuku imene mai ako adakusungira idakalamba mpaka tidaidya tokha, nyama yake ngati lamba wa njinga.

Ndine bambo ako,
Zakeyo Chikakuda


Bangwe, Blantyre
30 Malichi 2025

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Muli bwanji kumudziko? Kalata yanu Mai Eliness andipatsa pamodzi ndi dowe asanu amene Amayi anakulunga m'chitenje. Zikomo kwambiri. Za nkhuku ija ndaseka mpaka m'mimba kupweteka, ngakhale masiku ano m'mimbamu mukumapweteka ndisanaseke n'komwe.

Koma Bambo inu simusintha, eti? Ndaŵerenga mizere ya kalata yanu. Dzina langa la m'kaundula lapeza mizere khumi ndi isanu, mwini dzinane ndapeza iwiri. Musakwiye, ndikungokusekani.

Kunena zoona, ine sindili bwino kwenikweni. Chiyambire Novembala thupi likungotha. Masiketi anga ndikuwabweza ndekha pa makina, mwezi uno chala chimodzi, mwezi wamawa zala ziwiri. Makinawo sindikuthanso kuponda tsiku lonse, ikamakwana khumi koloko ndimakhala nditatheratu. Ndinapita ku chipatala chachikulu, anandijambula, n'kutenganso kanyama kuti akayeze. Akuti zotsatira zituluka pakapita milungu ingapo. Ndi zimenezi zinandiletsa kubwera pa Khirisimasi. Sindinafune kukuopsani.

Za kutchalitchi musakayike, Bambo. Ndimapita Sabata lililonse, ngakhale kugwe mvula yotani. Koma za kalata yosamukirayo ndi nkhani yofuna kukhala pansi, maso ndi maso. Alembi a kuno musawanenere ulesi, alibe mlandu.

Ndatumiza mafuta opaka miyendo a Amayi, azipaka m'mawa ndi madzulo, osati kusungira alendo monga amachitira ndi sopo. Inu ndakusokerani shati yoyera yoti muzivala pa Mgonero, chifukwa ija ya kolala yong'ambika yatumikira Mulungu mokwanira, ipume. Muyeso wa khosi lanu ndimausunga pamtima.

Amayi akapeza mpata andipatsireko mfutso wa nkhwani ndi nsinjiro. Pakamwa panga pakukana zonse, pakungofuna zakumudzi.

Ndine mwana wanu,
Dyness


Mudzi wa Kanyerere, Nsaru
13 Epulo 2025

Dyness,

Moni. Tonse tilipo. Shati ndalandira, khosi lake ndendende, ndipo akulu ampingo anzanga akuti ndayamba kunyada. Mafuta mai ako akupaka, ndikuwayang'anira ndine. Mfutso ndi nsinjiro zili m'thumba la Mai Eliness.

Koma pali mawu ako ena amene andikhala pakhosi. Wati alembi alibe mlandu. Nanga ngati alembi alibe mlandu, mlandu uli ndi yani? Wati umapita kutchalitchi, koma sudatchule kuti tchalitchi chake n'chiti. Mai Eliness akuti ku Bangweko ngodya iliyonse ili ndi mneneri wa suti yonyezimira, wogulitsa madzi a m'botolo ndi mafuta odzozera. Kodi wagwera kumeneko? Ngati ndi choncho, mwana wanga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chikhristu si moto wa mapesi woyaka lero mawa phulusa. Ndi khasu: lero mzere, mawa mzere, mpaka dzuwa la moyo wako lilowe. Ndaperekeza kumanda anthu ambiri amene adayamba bwino.

Ndikuuze chimene chandichititsa mantha. Mwezi wathawu tidaika Amosi, mwana wa amayi aja a ku Nambuma amene ankaphika pa misonkhano ya chitsitsimutso. Adafera ku Kasungu ku maesiteti a fodya. Thupi lidabwera popanda kalata ya mpingo woperekeza maliro, ndipo dzina lake silidapezeke m'buku lililonse, kuno kapena uko. Mai wake adagubuduka pafumbi kutipempha kuti tingomuimbirako nyimbo imodzi. Akulu anzanga adayang'ana ine. Ndidatsegula kaundula, ndidati mulibe. Tidamuika mwachinunu, popanda m'busa, popanda nyimbo, popanda amayi a chigwirizano. Mtima udandiwawa, koma buku silinama, ndipo mlembi akayamba kulinamiza ndiye kuti mpingo watha.

Za kuwondako, m'tauni mumadya tchipisi ndi zakumwa zashuga n'kumati mwadya. Imwa mankhwala amene akupatse, idya mfutsowo, upemphere, zidzatha. Wakutsina khutu ndi mnansi. Undiyankhe molunjika, monga mwana wa mlembi: kalata ija ili kuti?

Bambo ako,
Z. Chikakuda


Bangwe, Blantyre
11 Meyi 2025

Bambo,

Moni nonse. Mwati ndiyankhe molunjika. Khalani pansi, ndipo Amayi akhale pafupi nanu powerenga.

Zotsatira zija zinatuluka. Ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo yafalikira. Adokotala anandifunsa kuti ndinali kuti nthawi yonseyi. Akuti opaleshoni singathandizenso, akungondipatsa mankhwala oletsa ululu. Si tchipisi, Bambo. Mawu amenewo anandiliza tsiku lonse, ngakhale ndikudziwa kuti simunadziwe.

Kwa aneneri sindinapiteko. Ndimapemphera mu mpingo wathu womwewu, nyimbo zake zomwezo munandiphunzitsa pakhonde. Koma kalata yosamukira sindinaipereke. Ili m'Baibulo langa, pa Masalimo, envulopu yake yosatsegula, yachita kufiira ndi zaka.

Miyezi yoyamba ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kwa anthu osadziwa Sabata, ndiye ndinkangoti ndikapereka mawa. Mawalo lisanafike ndinakumana ndi Rodwell. Inde, Bambo, ndili ndi mwamuna, ndipo takhala nyumba imodzi zaka zisanu ndi zitatu. Ndi kalipentala, kwawo ndi ku Namitete, Mkatolika. Anakwatira kutchalitchi kwawo ali mnyamata. Mkazi wake anapita ku Joni ndi mwamuna wina kalekale, ali moyo, ali ndi ana kumeneko, koma ukwati wa kutchalitchi kwawo sumasuka. Choncho ife sitingadalitse ukwati, kwawo kapena kwathu. Tinalibe ankhoswe, tinalibe chinkhoswe, tinangolowana. Ndikabwera kumudzi ndinkabwera ndekha, n'kumakuuzani kuti amuna a m'tauni ndi achabechabe. Munkagwedeza mutu kuti mwana wanga ndi wanzeru. Ndinkachita manyazi mpaka chakudya kundikanika, inu n'kumati ndazolowera za m'tauni.

Sindikudzilungamitsa. Ndikudziwa dzina la zimene ndachita, munandiphunzitsa ndinu. Koma ndifuna mudziwenso kuti munthu ameneyu ndiye akundichapira nsalu zimene ngakhale mchemwali wanga weniweni akanachita nazo nseru. Amandisambitsa, amandibereka kumsana kukafika pokwerera minibasi chifukwa njira yathu ndi ya miyala. Ntchito yake yaima, matabwa akungouma pabwalo.

Bambo, ndikufuna kubwera kwathu. Ndikufuna ndidzaone Amayi ndikadali ndi maso, ndidzakhale pakhonde lija fodya akununkhira m'chigafa. Koma sindibwera mobisala, ndipo sindibwera ndekha, chifukwa popanda iye sindingafike ngakhale pa Lunzu. Mukati bwerani nonse, tinyamuka sabata yomweyo. Mukakhala chete, ndimva.

Ndine mwana wanu, ngati mukadandilola,
Dyness


Kanyerere
29 Juni 2025

Dyness mwana wanga,

Ndine mai ako. Upirire nazo zilembo zangazi, ndi za sukulu ya kwacha. Ndalemba bambo ako ali kudimba, sakudziwa.

Wadzuka bwanji mwana wanga? Ukudya? Ululu ukukupatsako mpata?

Papita milungu isanu ndi iwiri chilandirire kalata yako. Eliness wabwera katatu kudzafunsa yankho, katatu wabwerera chimanjamanja. Ine ndimati mwini nyumba ayankhe, ndiye mwambo. Ndalakwa ine, ndadikira kwambiri.

Usaganize kuti bambo ako akutaya. Munthuyu akulemba tsiku lililonse. Akalemba kuti bwerani, cholembera chimaima, ayambe kudzifunsa kuti nanga akulu ampingo adzati chiyani, mlembi kulandira m'nyumba mwake mwamuna wa mwini. Akalemba kuti ubwere wekha, akuti nanga adzamunyamula ndani. Kenaka kung'amba. Ndikamasesa ndikutola tizidutswa ta mapepala tokhatokha, ponse pali dzina lako. Dzana ndidawapeza kuseri kwa chigafa akulira ngati mwana, atandiona akuti fodya wandilowa m'maso. Fodya wake uti, poti tidagulitsa kale? Chakudya akungotola pang'ono. Koma pakamwa gwa! Umawadziwa.

Ine tsopano sindifunsanso munthu. Miyezi isanu ndi inayi udali m'mimba mwanga, sudali m'kaundula. Bwera. Bwera naye mwamuna wakoyo. Wotisambitsira mwana wathu ndi mwana wathu. Ndazira m'nyumba yako ija, ndagula mphasa yatsopano pa Nsaru, nkhuku ziwiri ndazimanga miyendo. Akulu ampingo akafuna kundivula yunifomu ya chigwirizano adzandivule, koma iwe ndikuone.

Fulumira mwana wanga. Mayo ine, fulumira.

Mai ako,
Febe Nabanda


Bangwe, Blantyre
10 Ogasiti 2025

Kwa Bambo Chikakuda,

Pepani, sindikudziwa dzina loyenera kukutchulani nalo, ndiye ndangolemba chotere. Ndine Rodwell. Ndikhulupirira inu ndi Amayi mukupezako mphamvu. Ine ndinafika bwino, ngakhale nyumba ino sikukhalika.

Ndaganiza kuti mudziwe mmene zinathera, poti pamaliro panalibe mpata. Kalata ya Amayi inafika pa 5 Julayi. Dyness anaiwerenga kawiri, n'kuiika pansi pa pilo, ndipo sinachokepo. Anandiuza kuti ndikafunse za basi. Koma nthawi imeneyo sankathanso kukhala tsonga ngakhale mphindi khumi. Tinkati apezeko bwino pang'ono. Anatisiya pa 21 Julayi m'mawa, ndikumupatsa phala. Sanavutike kwambiri pomaliza.

Zotsatira mukuzidziwa, koma ndiloleni ndizinene mmene ndinazionera ine. Lole yonyamula maliro itafika kwanu, akulu ampingo anafunsa kalata ya mpingo wa ku Blantyre yoperekeza maliro. Panalibe. Inu munandikodola kuseri kwa nyumba, munafunsa Baibulo lake, munasolola envulopu ija n'kuika m'thumba la jekete. Munalowera kutchalitchi nokha. Mutabwerako munauza akulu kuti Dyness anali wa mgonero ku Blantyre zaka zonsezi, kuti mu Epulo anatumiza mawu oti abwezeredwe m'kaundula wa kwawo, ndipo munawatsegulira tsamba n'kuwalozera pamene panalembedwa. Mkulu wina anati, "Akanena a Chikakuda, tifunsenso chiyani?" Ine ndinali nditaima pafupi. Inki inali ikadali pa chala chanu.

Pofotokoza alendo munati, "Awa ndi a neba a malemu, atithandiza mayendedwe." Anthu anandithokoza. Bambo, bokosi limene munagonekamo mwana wanu ndinakhoma ndine, ndi matabwa amene ndinkasungira bedi lathu latsopano. Poika nkhata pamanda anaitana inu, Amayi, achibale, amayi a chigwirizano, mpaka aphunzitsi. Neba sakhala ndi nkhata. Sindikudandaula. Nyimbo zinali zabwino, ndipo ndinaona mmene Amayi zinawatonthozera.

Chimene ndalembera ndi ichi. Dyness anandisiyira kalata yanu, n'kundilumbiritsa kuti ndidzakupatseni m'manja maliro asanayambe. Ndinakuyandikirani katatu. Katatu konse munati, "Pambuyo pake, achimwene," maso ali kumbali, kuopa kuti anthu angatione tikunong'onezana. Ndikanakakamira, koma ndinali mlendo pakhomo panu, ndipo ndinalibe nkhope. Amayi okha ndiwo anandibweretsera madzi kuseri kwa nkhokwe, n'kundigwira dzanja nthawi yaitali. Lole inaliza hutala, ndinakwera, kalata ili m'thumba. Ndalephera lonjezo langa kwa iye, ndipo zikundidya.

Ndaiika m'kati muno. Sindinaitsegule.

Ine,
Rodwell Sandalamu


Bangwe
12 Julayi 2025

Bambo anga okondedwa,

Moni. Ndikulemba chogona, ndiye mukhululuke mizere yokhotayi, ndikudziwa kuti imakunyansani. Mukamawerenga kalatayi ndidzakhala nditafika kwathu, ngakhale si mmene ndinafunira.

Amayi anandiuza za tizidutswa ta mapepala. Ndiye musadzizunze, ndamva kuti munandiyankha kambirimbiri, kungoti makalatawo sanafike. Ndilibe nanu mangawa.

Pali chimene sindinakuuzeni: chifukwa chake kalata yosamukira sindinaipereke. Mwina mukuganiza kuti ndinaipeputsa. Ayi. Tsiku limene munailemba ndinali nditaima pakhomo la kaofesi kanu, chikwama chili m'manja. Munaiŵerenga mokweza musanamate. Munalemba kuti Dyness Chikakuda ndi Mkhristu wa mgonero, wa khalidwe losatonzeka, ndipo pansi pake munasaina dzina lanu. Nditayamba kukhala ndi Rodwell ndikanatha kuipereka bwinobwino. Ndani akanadziwa? Ena amatero, n'kumadya mgonero. Kawiri konse ndinafika nayo pakhomo la alembi a kuno. Koma ndikaiyang'ana ndinkaona dzanja lanu. Kuipereka kukanakhala kulinamizitsa dzanja limenelo, limene silinanamepo chibadwire changa. Ndinkabwerera nayo.

Choncho ndakhala wa benchi lakumbuyo. Likakhala Sabata la Mgonero, akalengeza kuti amene sadya mgonero atuluke, ndimatuluka. Panja pali mtengo wa mango. Ena amapita kwawo, ine ndimaima pamenepo kumvetsera nyimbo mpaka ithe. Zaka zisanu ndi zinayi, Bambo, ndipo Mulungu sanandithamangitsepo pamtengopo.

Tsono ndimakudziwani. Mumaoneka ouma ngati chitsa, koma ndinu amene munkandibereka kupita nane kuchipatala cha ku Kabudula ndili ndi chikuku. Akadzafunsa za ine, mudzafuna kundilemba m'buku. Musadzatero. Ndasunga dzanja lanu loyera zaka zonsezi, musadzalidetse tsiku limodzi chifukwa cha ine. Mudzandiike mwachinunu monga Amosi. Amayi akadzafuna kuimba adzaimbe okha, mawu awo andikwanira. Za ine ndi Mulungu takambirana, ndamuuza zonse osabisa, ndipo sindikuopa.

Chinanso, Rodwell mudzamuonetse kwa anthu kuti ndi ndani. Asadzaime kumbuyo ngati wobwereka.

Ndatopa. Shati ija muziichapa ndi madzi ozizira.

Mwana wanu,
Dyness


Mudzi wa Kanyerere, Nsaru
13 Okutobala 2025

Mkamwini wanga a Rodwell,

Dzina limene mudalisowa pondilembera ndi ili: apongozi. Likadayenera kutuluka pakamwa panga pamaso pa anthu mu Julayi. Landirani moni wanga ndi wa apongozi anu aakazi, amene sapita tsiku osafunsa ngati mukudya. Mutiuze mmene mulili, ndiponso ngati ntchito ya matabwa yayambanso.

Ndachedwanso kuyankha. Kuchedwa ndiyo nthenda yanga, yandiphera zambiri. Koma ulendo uno ndimafuna ndiyambe ndachita, kenaka ndilembe.

Kalata ya mwana wanga ndidaiŵerengera m'chigafa. Adandipempha zinthu ziwiri zokha, ndipo zonse ziwiri ndidali nditazichita kale mozondoka. Mukadandipatsa tsiku lija, kaya ndikadamvera, kaya ayi, sindidziwa. Koma musadzitenge wolakwa. Amene adathawa kalatayo katatu ndine.

Ndidakhala nayo m'thumba milungu isanu. Woyesa uja sabwera ndi nyanga, a Rodwell, amabwera ndi nzeru. Ankati madzi akatayika saoleka, wapita wapita, ukaulula upindulanji, ungochititsa manyazi malemu ndi mai wake. Ndidatsala pang'ono kumuvomera. Koma Sabata lililonse ndinkatsegula kaundula kulemba maina a ana obatizidwa, ndipo tsamba lija linkangodzitsegukira lokha.

Pa bwalo la akulu ampingo la mu Seputembala ndidapempha mpata. Ndidatsegula buku, ndidaloza mzere uja, ndidati uwu ndidalemba pa 22 Julayi maliro ali pakhomo, osati mu Epulo. Kenaka ndidawaŵerengera kalata ya Dyness yonse. Abusa adavula magalasi. Mkulu uja adati akanena a Chikakuda tifunsenso chiyani, ndiye adayamba kundichonderera kuti tingofufuta mwakachetechete, nkhani ithere m'chipinda momwemo. Ndidati nanga mai wake wa Amosi ndidzawayang'ana ndi maso ati? Mwana wawo ndidamukaniza nyimbo imodzi, wanga ndidamubera khumi.

Ku Nambumako ndidapita pa njinga. Ndidawapeza akusenda chinangwa. Ndidagwada, ndidawauza zonse. Adangoti, "Ndiye mwadziwa tsopano, alembi." Adandipatsa madzi akumwa, ndidabwerera.

Cholembera ndi makiyi a kaofesi ndidapereka. Andiimitsa mgonero, ndipo ndili m'kalasi ya obwerera. Ndimakhala benchi limodzi ndi anyamata amene ndidawalemba ndekha m'buku la odulidwa chifukwa cha kachasu. Amandisunthira malo mwaulemu, osadziwa poyang'ana. Pa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu chimodzi ndikulowezanso mafunso a katekisima amene ndinkafunsa anthu ndine. Ndidaimanso pamaso pa mpingo wonse n'kunena kuti uja ndidamutcha neba adali mwamuna wa mwana wanga, amene adamusambitsa, adamubereka kumsana, ndi kumukhomera bokosi. Sindikuti mudalowana bwino, zimenezo mukambirane ndi Mulungu ndi ansembe anu. Ine ndidangobweza chimene ndidakuberani.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinkayesa kuti kukhulupirika ndi kusunga buku loyera. Tsopano ndikagona chagada, si inki ija imene imandiluma kwambiri. Ndi milungu isanu ndi iwiri ija, mwana wanga akudikira mawu amodzi okha akuti bwerani, ine ndikuopa maso a anthu. Nkhani ya inki, mpingo udzandibwezera mgonero ikatha miyezi yake. Inayo ndingoitula kwa Mwini chifundo, palibe bwalo lingaiweruze.

Pamanda sitidaikepo mtanda. Ndaletsa aliyense. Mubwere mudzaukhome inu, mudzalembepo dzina lake ndi dzanja lanu, chifukwa langali latha ntchito. Envulopu ija ndaibwezera m'Baibulo lake, pa Masalimo pomwepo, yosatsegula. Ndi zanu, mudzatenge. Nkhuku ziwiri zija Nabanda akukana kuti zisaphedwe mpaka mufike, ndiye musazikalambitse.

Dzulo lidali Sabata la Mgonero. Ndidavala shati ija. Atalengeza kuti amene sadya mgonero atuluke, ndidanyamuka pamodzi ndi ana ndi anyamata anga a kachasu, koyamba chilowere ine mu mpingo. Kuno kulibe mango, pali mtengo wa kesha pafupi ndi belu, wothothoka masamba. Ena adapita kwawo. Ine ndidaima pamenepo. Makutu anga mukuwadziwa, nyimbo sindidaimve ngakhale pang'ono, ndinkangoona milomo ya anthu pawindo. Ndidaimabe mpaka adatseka mabuku, dzuwa likundiotcha pamutu, ndikuganiza kuti mwana wanga adaima chonchi zaka zisanu ndi zinayi kusunga dzanja ili, ine ndili kalikiliki kumufunsa za kachikalata.

Bwerani mvula isanagwe.

Ndine apongozi anu,
Zakeyo Chikakuda